Matebulo Pakati pa Mseu: Phunziro la Mpweya Wabwino

Mlendo amene adafika m'dera la Soho, pakati pa mzinda wa London, madzulo ena a mwezi wa Julayi 2020, adaona zachilendo. Mumseu wa Old Compton Street, m'mene masiku onse mumadutsa magalimoto, mudali matebulo ndi mipando. Anthu adali kudya ndi kumwa pakati pa mseu, ndipo operekera zakudya adali kutuluka ndi mbale kuchokera m'nyumba zodyeramo. Zoterezi zidachitikanso ku Paris, ku New York, ku Vilnius ndi m'mizinda ina yambiri. Ngakhale zidaoneka ngati chikondwerero, idali njira imodzi yolimbana ndi mliri wa COVID-19.

Nkhaniyi ndi ya kutali, koma phunziro lake ndi la pakhomo. Likukhudza mayi amene akudikira pamzere wa sikelo ya ana, anamfedwa amene agona pa siwa, ndiponso wogulitsa mandasi pamsika. Phunziroli lili paŵiri: chimene mpweya wapanja umateteza, ndi chimene sungateteze.

Pakati pa matenda ndi njala

Pa 11 Malichi 2020 bungwe la WHO lidalengeza kuti COVID-19 wasanduka mliri wa dziko lonse. Maboma ambiri adalamula kuti masukulu, matchalitchi, malo omwera moŵa ndi nyumba zodyeramo zitsekedwe. Izi zidachepetsa kufala kwa matendawa, koma zidabala vuto lina. Ophika, otsuka mbale, operekera zakudya ndi alimi amene ankagulitsa ndiwo zamasamba ku nyumba zodyeramozo adasoŵa pogwira.

Vutoli silidali la azungu okha. Kuno ku Malaŵi odwala oyamba adapezeka pa 2 Epulo 2020. M'mwezi womwewo boma lidakonza zoti anthu akhale pakhomo masiku 21, koma ochita malonda m'misika adadandaula kuti adzafa ndi njala, ndipo bwalo lalikulu la milandu lidaimitsa lamulolo lisanayambe kugwira ntchito. Motero funso lidali limodzi ku London ndi ku Limbe: kodi anthu angapeze bwanji chakudya cha lero popanda kupatsirana matenda?

Chimene chidachitika ku Guangzhou

Yankho lidayamba kuoneka pamene akatswiri a zaumoyo adafufuza malo amene anthu ankatengerako matendawa. Nkhani imodzi yodziŵika bwino ndi ya nyumba ina yodyeramo mumzinda wa Guangzhou, ku China. Pa 24 Januwale 2020 mabanja atatu osadziŵana adadya nkhomaliro pa matebulo atatu oyandikana, m'chipinda chopanda mazenera. M'banja limodzi mudali munthu amene adali atangofika kuchokera ku Wuhan, kumene mliri udayambira. Pa nthaŵi ya chakudyayo iye sadali kuoneka wodwala. Kutentha thupi ndi chifuwa zidamuyamba tsiku lomwelo pambuyo pake.

Patapita masiku, anthu 10 a m'mabanja atatuwo adapezeka ndi matendawa. Anthu ena oposa 70 amene adadya m'chipinda chomwecho sadadwale. Ofufuza adapeza kuti makina oziziritsa chipinda ankazunguliza mpweya womwewo pamwamba pa matebulo atatuwo, osaloŵetsa mpweya watsopano wokwanira. Mabanjawo sadadyere mbale imodzi, ndipo chakudya sichidali ndi mlandu. Chimene adagaŵana ndi mpweya.

Nkhani zonga imeneyi zidamveka kuchokera m'makwaya, m'mabasi, m'mafakitale ndi m'malo ovinira. Pafupifupi zonse zidali ndi zinthu zinayi zofanana: chipinda chotseka, anthu ambiri, nthaŵi yaitali, ndi kulankhula kapena kuimba mokweza.

Fanizo la utsi

Poyamba uphungu waukulu udali wosamba m'manja ndi kupukuta zinthu zimene anthu amagwiragwira. Uphunguwu ndi wabwino, koma pofika chaka cha 2021 zidatsimikizika kuti njira yaikulu imene kachirombo ka COVID-19 kamayendera ndi mpweya umene anthu amapuma.

Munthu akamapuma, kulankhula, kuseka, kuimba kapena kutsokomola, m'kamwa ndi m'mphuno mwake mumatuluka timadontho. Timadontho tokulirapo timagwa pansi msanga, pafupi ndi mwini wake. Koma tina ndi tating'onoting'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, ndipo timayandama mumpweya kwa nthaŵi yaitali. Munthuyo akakhala ndi kachirombo, timadontho timeneti timanyamula kachiromboko.

Mayi aliyense amene adaphikapo ndi nkhuni zaziŵisi akudziŵa khalidwe la utsi. Akasonkha moto m'khitchini yopanda zenera, utsi umadzaza ponseponse, ndipo ngakhale amene wakhala pangodya, kutali ndi mafuwa, amatuluka misozi. Akasonkha moto womwewo pabwalo, utsi umakwera ndi kumwazika, ndipo umangovutitsa yekhayo amene waŵeramira pamoto kapena wakhala kumene mphepo ikuloŵera. Mpweya wa munthu wodwala umachita chimodzimodzi. Kusiyana kwake ndi kwakuti utsi umaoneka ndipo umanunkha, pamene mpweya wa matenda suchenjeza munthu.

Pali chifukwa china chimene malo odyera adaopsera kwambiri. Munthu angathe kuvala chotchinga pakamwa ndi pamphuno m'basi kapena m'sitolo, koma sangadye atachivala. Ndiponso anthu akamadya pamodzi amayang'anizana, amacheza, ndipo sachoka msanga. Chotero njira imene idatsala idali yotulutsa matebulo panja.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Kale, mankhwala a chifuwa chachikulu asanapezeke, odwala matendawa ankagonekedwa pamakonde a zipatala kuti apume mpweya wabwino. Pa mliri wa chimfine wa chaka cha 1918, madokotala ena pafupi ndi mzinda wa Boston, ku America, adasamalira amalinyero odwala m'mahema, panja pa dzuŵa.

Mmene mizinda idachitira

Mzinda wa Vilnius, likulu la dziko la Lithuania, udali m'gulu la mizinda yoyamba. M'chigawo chake chakale miseu ndi yopapatiza, ndipo lamulo lidafuna kuti pakati pa odya a pa matebulo osiyana pakhale mpata wa mamita aŵiri. Kumapeto kwa Epulo 2020 mfumu ya mzindawo, a Remigijus Šimašius, adalola eni malo odyera kuika matebulo m'mabwalo ndi m'miseu ya mzinda popanda kulipira, kuphatikizapo bwalo lalikulu la patchalitchi cha mzindawo.

Ku Paris malo odyera adatsegulidwanso pa 2 Juni 2020, koma panja pokha, ndipo khonsolo idalola matebulo kufika m'malo oimikapo magalimoto. Ku New York ntchitoyi idayamba pa 22 Juni 2020, ndipo malo odyera oposa 10,000 adatenga chilolezo. Ku London khonsolo ya Westminster idatseka miseu ingapo ya ku Soho, monga Frith Street, Greek Street ndi Dean Street, kuti magalimoto asadutse madzulo ndi kumapeto kwa sabata.

Mliri utakulanso m'nyengo yozizira, dziko la England lidatsekanso malo odyera. Potsegula lidatsata ndondomeko imene ikuonetsa bwino phunziroli: pa 12 Epulo 2021 anthu adaloledwa kudyera panja pokha, ndipo kudyera m'kati kudadikira mpaka pa 17 Meyi. Anthu ambiri adadya atavala majekete, ena atafunda mabulangete, chifukwa kunja kudali kukuzizirabe.

Walira mvula walira matope

Njirayi idapulumutsa ntchito za anthu ambiri, koma idadza ndi mavuto ake, ndipo m'mavutomo muli maphunziro oposa.

Vuto loyamba lidali kuthithikana. Usiku wa pa 4 Julayi 2020, tsiku limene malo omwera moŵa adatsegulidwa ku England, miseu ya ku Soho idadzaza anthu oimirira mophatikizana, akulankhulana mokweza nkhope ndi nkhope. Mpweya wapanja umachepetsa ngozi, koma suithetseratu. Munthu amene waima pafupi kwambiri ndi wodwala ali ngati uja woŵeramira pamoto: utsi umampeza ngakhale ali pabwalo.

Vuto lachiŵiri lidadza ndi chisanu. Pofuna kuteteza makasitomala ku mphepo ndi mvula, eni malo odyera adamanga misasa. Adayamba ndi denga, kenaka adatchinga mbali imodzi, kenaka mbali zonse ndi mapulasitiki kapena matabwa, naikamo zotenthetsera. Mapeto ake, msasa woima pamseu udasanduka chipinda, ndipo nthaŵi zina chipinda chothina kuposa cha m'nyumba. N'chifukwa chake ku England lamulo lidanena kuti malo ofolera aŵerengedwe kuti ndi panja pokhapokha theka la zipupa zake, kapena kuposerapo, lili lotseguka. Dzina lakuti panja silipulumutsa munthu. Chopulumutsa ndi mphepo yodutsa.

Vuto lachitatu lidali la ukhondo. Ku New York anthu okhala pafupi adadandaula za zinyalala, madzi oima, ndi makoswe amene adapeza pobisala pansi pa matabwa a misasa ija. Misasa ina eni ake adaisiya osaisamalira. M'chaka cha 2023 khonsolo ya mzindawo idakhazikitsa lamulo lakuti matebulo a pamseu aziikidwa kuyambira Epulo mpaka Novembala, ndipo zomangidwazo zikhale zotheka kuchotsa kuti pansi pazitsukidwa.

Vuto lachinayi lidali la njira. Matebulo adatsekereza anthu osaona, oyenda pa njinga za olumala ndi amayi okankha ana. Ambulansi ndi magalimoto ozimitsa moto nazonso zimafuna podutsa. Phokoso la usiku lidasoŵetsa tulo anthu okhala m'nyumba zapamwamba. Ku Soho miseu idatsegulidwanso kwa magalimoto kumapeto kwa Sepitembala 2021, pamene mzinda wa Paris udasunga mwambowu kuti uzichitika m'miyezi yotentha.

Pomaliza, ophika ndi otsuka mbale adatsalabe m'makhitchini othina ndi otentha. Wodya adali pamphepo, koma womphikira adali m'kati. Njira yoteteza anthu imene yaiŵala wantchito ndi yopereŵera.

Matenda amene mphepo siichotsa

Apa m'pofunika kusamala, chifukwa wina angaganize kuti chakudya chilichonse chodyera panja n'chabwino. Si choncho. Mizinda imene yatchulidwayi idatulutsa matebulo okha. Madzi a m'mipope, zimbudzi, mafiriji ndi malo otsukira mbale zidatsala m'malo mwake, ndipo magalimoto otola zinyalala adapitiriza ntchito yawo.

Matenda ali ndi njira zosiyana. COVID-19, chimfine, chikuku ndi chifuwa chachikulu amayenda ndi mpweya. Kolera, kamwazi ndi matenda ena otsegula m'mimba amachokera m'chimbudzi cha munthu wodwala ndi kufika m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi, m'manja, m'chakudya ndi pa ntchentche. Kwa matenda a gulu lachiŵirili, mphepo ilibe thandizo. Ndipo panja ndi pamene pali fumbi ndi ntchentche zambiri.

Dziko la Malaŵi lidaona mitundu yonse iŵiri motsatizana. Mu Januwale 2021 COVID-19 adapha anthu ambiri, kuphatikizapo nduna ziŵiri za boma zimene zidamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale. Katemera adafika mu Malichi chaka chomwecho. Patangotha chaka, mu Malichi 2022, kolera adabuka m'boma la Machinga pambuyo pa mvula yamkuntho ndi madzi osefukira. Adafalikira m'maboma onse, nadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Mu Januwale 2023 masukulu a m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre adachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu. Aŵa ndi matenda amene amakonda malo odyera pagulu: pamaliro, paukwati, pamsika ndi padoko la asodzi.

Pa 5 Meyi 2023 bungwe la WHO lidalengeza kuti COVID-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, ngakhale kachiromboko kakadalipo. Chifuwa chachikulu, chimfine ndi chikuku nazonso zikadalipo. Motero phunziro la mpweya silidathe ntchito.

Zoyenera kuchita kumudzi

Anthu a kumudzi ali ndi mwayi umene a ku London adachita kuupempha kwa khonsolo. Mthunzi wa mtengo wa mango, khonde ndi bwalo zilipo kale, ndipo sizilira ndalama. Chofunika ndi kuzigwiritsa ntchito mwanzeru.

1. Kuchipatala. Odikira akhale pakhonde kapena pansi pa mtengo ngati malo alipo, osati kuthithikana m'kanjira ka m'kati. Munthu amene akutsokomola auze wothandiza pachipatala akangofika, kuti aonedwe msanga, ndipo atseke pakamwa ndi kansalu kapena mkati mwa chigongono. Mazenera a chipinda chodikirira asatsekedwe chifukwa cha kuzizira pang'ono.

2. Pamaliro. M'nyumba ya siwa mumakhala anthu ambiri usiku wonse, akulira ndi kuimba, zitseko ndi mazenera zili zotseka. Zinthu zinayi zoopsa zija zimakumana pamenepa. Mafumu ndi adzukulu athandize kuti mazenera akhale otsegula, anthu aziloŵa mosinthana, ndipo okalamba ndi odwaladwala akhale pamalo opita mphepo. Msasa wa panja usatchingidwe mbali zonse.

3. Kutchalitchi, kumzikiti ndi kusukulu. Mazenera atsegulidwe mbali ziŵiri zoyang'anizana kuti mpweya uloŵe uku ndi kutuluka uko. Zenera limodzi silikwanira. Kwaya ingathe kuphunzira nyimbo panja.

4. Pakhomo. Nyumba yatsopano ikhale ndi mazenera enieni, ndipo tizibowo tolowetsa mpweya tisatsekedwe ndi nsanza. Wodwala chifuwa azikhala panja masana, ndipo ngati n'kotheka asagone chipinda chimodzi ndi ana aang'ono. Munthu amene watsokomola masabata aŵiri apite kuchipatala kukayezetsa makhololo. Chifuwa chachikulu chimachizika, ndipo mankhwala ake, amene kaŵirikaŵiri amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi, ndi aulere m'zipatala za boma.

5. Pamalo ogulitsa zakudya. Mwini tiyirumu angathe kutulutsa mabenchi pakhonde kapena pamthunzi, motalikirana, osatseka njira ya anthu. Koma asaiŵale mbali inayo. Pakhale mpondagiya kapena ndowa ya mpopi, ndi sopo. Madzi akumwa ndi otsukira ziŵiya akhale oŵiritsa kapena othira klorini. Mandasi, zitumbuwa ndi nsomba zokazinga zivundikiridwe. Nsima, ndiwo ndi tchipisi za pachiŵaya ziperekedwe zikadali zamoto. Mbale ziumitsidwe pathandala, zinyalala zitayidwe m'dzenje tsiku lililonse, ndipo chimbudzi chikhale ndi chivundikiro komanso chitalikirane ndi pophikira.

6. Pachakudya cha gulu. Kusamba m'manja m'beseni limodzi, wamkulu kuyamba ndi mwana kumaliza, kumapatsa womalizayo litsiro la onse. Madzi azithiridwa kuchokera m'jagi kapena m'kapu, aliyense asambe ndi sopo pamadzi oyenda. Ulemu kwa akulu ungaonetsedwe powathirira madzi poyamba.

7. Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwa madzimadzi, ngati madzi otsukira mpunga, apatsidwe Thanzi ORS nthaŵi yomweyo ndipo apitirize kumwa ali m'njira yopita kuchipatala. Kolera angathe kupha munthu wamkulu tsiku limodzi lisanathe.

Mizinda ikuluikulu idataya ndalama ndi miyoyo yambiri isanazindikire kuti chipinda chotseka chodzaza anthu n'choopsa, ndipo idaphunziranso kuti tebulo la panja lopanda ukhondo limaitana makoswe. Akale adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Mudzi umene umatsegula mazenera ndi kusunga sopo pafupi ndi chakudya watseka njira ziŵiri zazikulu za matenda.

Mafunso okambirana

Alangizi a zaumoyo, makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi magulu a amayi angathe kugwiritsa ntchito mafunso aŵa pamisonkhano yawo.

1. N'chifukwa chiyani ku Guangzhou adadwala a pa matebulo atatu okha, pamene ena a m'chipinda chomwecho sadadwale?

2. Ndi zinthu zinayi ziti zimene zimachititsa malo kukhala oopsa pa matenda oyenda ndi mpweya? Kodi m'mudzi zimakumana pa zochitika ziti?

3. Kodi msasa wotchingidwa mbali zonse ungatchedwe panja? Chifukwa chiyani?

4. Ndi matenda ati amene kudyera panja sikungateteze, ndipo amapeŵedwa motani?

5. Kodi mfumu, abusa, aphunzitsi ndi ogulitsa zakudya angasinthe chiyani mwezi uno popanda kuwononga ndalama?